Za zigoba zija, Azakhali

Azakhali, mwaswera bwanji kumeneko? Ndaona funso lanu, loti zigoba ndimaika pa status zija ndimazitenga kuti, komanso kuti pa Khirisimasi ndikubweretsereni thumba lathunthu muyale pa kabati. Ndingoyankha ndi mawu, kulemba kungatalike.

Ndimazipeza pa gombe la Muizenberg, konkuno ku Cape Town, paja pali tinyumba tamatabwa topenta mitundumitundu. Lamlungu ndikapuma ku ntchito ndimakwera sitima n'kukatsikira pomwepo. Koma nyanja ya kuno si ngati ya ku Salima ayi. Madzi ake amadzaza n'kuphwera kawiri pa tsiku, ndipo nthawi yake imasuntha, mawa imachedwerako ndi mphindi ngati 50. Mwezi ukakhala wathunthu kapena uli mumdima, eee, amathawira kutali zedi, miyala yonse poyera. Nthawi yabwino ndi imeneyo, makamaka m'mamawa anthu ndi agalu awo asanapondeponde.

Zojambulazo palibe mankhwala, ndi foni yomweyi. Chigoba chikauma chimatuwa, ndiye ndimayamba ndachiviika m'madzi, mtundu wake umabwerera. Kenako ndimagwada, pena kugona chafufumimba kumene pamchenga, odutsa n'kumandiyang'ana ngati zandisokonekera. Pambali ndimaika ndalama yachitsulo ya R2 kuti woona adziwe kukula kwake. Masana sindijambula, dzuwa limachititsa chilichonse kungoti mbee.

Chakuda chija munkaseka kuti ndi kachikwama ka ndani, chokhala ndi tizingwe m'makona, ndi dzira la shaki, Azakhali! Pali mitundu ina ing'onoing'ono imene imaikira mazira, tizingweto n'tokolera ku zomera za m'madzi kuti mafunde asalikokolole. Limene ndinajambulalo mwana anali atatuluka kale.

Tsono za thumba lija, pepani, zivuta. Malo ena pafupi pomwepa, ngati ku St James, ndi otetezedwa, sutolako kanthu. Ndiye pali china amati perlemoen, m'kati mwake mowala ngati utawaleza, chokongola kuposa zonse. Anthu amamangidwa nacho chimenecho chifukwa cha ozembetsa, ndiye ine mlendo m'dziko la eni ndisakapezeke nacho pa Beitbridge, ngakhale chigoba chokha. Komanso zinandionekerapo. Tsiku lina ndinatola zisanu, kuponya m'thumba la jekete, kuiwala. Osadziwa kuti m'chimodzi munali kankhanu kaja kamabisala m'zigoba za anzake. Patatha masiku atatu, fungo lake! Mnzanga amene ndimagona naye chipinda chimodzi anatsala pang'ono kundiponyera katundu panja. Kuyambira pamenepo ndimangojambula n'kusiya pomwepo.

Aaa, ndisaiwale, amayi muwauze asade nkhawa za likodzo. Nkhono zofalitsa likodzo zimakhala m'madzi opanda mchere, m'nyanja ya kuno mulibe. Zoopsa kuno ndi tinthu tabuluu tonga timabaluni timene mphepo imakankhira kumtunda nthawi yotentha. Tili ndi chingwe chachitali, chikakukhudza chimawotcha kuposa chitedze, ngakhale kanthuko katafa kale. Nsapato sindivula ndikationa.

Ndiye tichite chonchi, ndikasindikiza zithunzi zitatu zikuluzikulu, mudzaike mu felemu pamwamba pa kabatiyo. Pitani pa zimene ndatumiza mu gulumu, musankhe nokha, mungondiuza. Agogo muwapatse moni, ndiwaimbira Loweruka.