Funsani za Kutchena: Shati yopanda mabatani kumkono, kodi ndaberedwa?

Moni akulu. Ndagula shati yoyera ya kaunjika pa Tsoka, nsalu yake ndi yabwino heve, koma nditafika kunyumba ndapeza kuti mikono ndi yaitali mpaka kubisa zala ndipo batani kulibe ngakhale limodzi, angokhala mabowo anayi mkono uliwonse. Achimwene anga akukwatira mwezi wamawa ndipo ine ndi bestimani. Ndipite nayo kwa telala akaidule? — Mnyamata wa ku Area 25, Lilongwe

Aise, telalayo asaiyandikire shati imeneyo ndi sizasi, chonde. Simunaberedwe, mwatola chikwama. Shatiyo inasokedwa dala choncho, a ku Britain amati double cuff pomwe a ku America amati French cuff, ndipo shati zoterezi zimapezeka ndithu mu mabelo a kaunjika moti ndaonapo ogulitsa akuzitsitsa mtengo poganiza kuti mabatani anathothoka, chonsecho zili zatsopano kumene zinachokera mtengo wake umaposa wa shati wamba.

Kavalidwe kake ndi aka. Mukavala, pindani mbali yolimba ya kumapeto kwa mkono ija kamodzi kubwerera m'mwamba, mudzaona kuti mabowo aja akumana awiriawiri. Ndiye nsonga ziwirizo musazipiringize ina pamwamba pa inzake ngati mmene timamangira batani, ayi, zigundanitseni mkati ndi mkati ngati manja a munthu amene akuwomba m'manja kwa amfumu, zitulukire panja, kenako kafulinki, kachitsulo komangira mkono wa shati m'malo mwa batani, ilowe m'mabowo onse anayi. Zambiri zomwe mungapeze m'mashopu zili ndi kamtanda kumbuyo komwe mumakawongola polowetsa, kakadutsa n'kukatembenuza kuti kapingase. Mbali yokongolayo ikhale kunja mukatsitsa manja, osati kuyang'ana ntchafu zanu. Tsiku loyamba dzanja lamanja lidzakutukutitsani thukuta, ena amazilowetseratu asanavale shati ngati dzanja lawo limatha kudutsa.

Kafulinki zinayamba bwanji? Kalekale ku Ulaya mikono ya malaya ankaimanga ndi timaliboni, kenako m'zaka za m'ma 1600 olemera anayamba kulumikiza mabatani awiri ndi katcheni. Zinafala kwambiri m'zaka za m'ma 1800 pomwe anthu ankathira sitachi wambiri moti mkono unkauma gwaa ngati katoni, batani wamba n'kumavuta kulowa, komanso mafakitale anali atayamba kupanga zotchipa zoti ndi kalaliki yemwe akwanitse.

Tsono chomwe ndikufuna muchite musanapite ku ukwatiko ndi ichi, pindani kaye kenako muone pomwe mkono wathera. Uzithera pomwe dzanja layambira, kungodutsa pang'ono kafupa ka pa mfundo kaja, ndipo mukavala jekete shati izisuzumira pang'ono chabe, sentimita 1 kapena 1.5 basi. Ikakhalabe yaitali mutapinda ndiye pitani kwa telala koma mumuuze momveka kuti asomole mbali yolimbayo yonse, afupikitse nsalu ya mkono, aibwezeretse mmene inalili. Amene angayankhe kuti "tingodula apa n'kuikapo batani" mulandeni shatiyo muzipita. Muyesenso ndi jekete yomwe mudzavale tsikulo chifukwa masuti othina a masiku anowa mikono yake ndi yopapatiza, kafulinki imakodwa mkati ndiye mumangokhalira kukoka pomwe anzanu akuvina pelekanipelekani. Ndipo poti ndinu bestimani funsani kaye akwatiwo avala zotani, si bwino kuwala kuposa mwini tsiku, apongozi angasokonezeke.

Zikavuta kwambiri m'mawa wa ukwati, tengani mabatani awiri abwino muwalumikize ndi ulusi wokhuthala kusiya kampata pakati. Palibe adzadziwe.

Zikomo chifukwa cha tsamba lino. Bambo akunyumba akukwanitsa zaka 40 ndipo ndikufuna ndiwagulire makafulinki, koma ndasokonezeka, agolide kapena asiliva? — Mayi wa ku Chilomoni, Blantyre

Mayi, musanatulutse ndalama tsegulani kaye wadiropu muone ngati bambowo ali ndi shati yolowa makafulinki. Mphatso zambiri zoterezi zimakalambira m'kabokosi chifukwa mwamuna shati zake zonse ndi za mabatani. Zilipo zina zomwe zili ndi batani komanso bowo lachiwiri pambali pake, zimenezo zimalola zonse ziwiri, koma ngati mulibe ndiye bajeti yanu muigawe pawiri, shati ndi makafulinki. Saizi ya shati muione pa kolala ya yomwe amavala kale, ngati yalembedwa 16 ndi mainchesi amenewo, pafupifupi 41 pa masentimita.

Za mtundu yang'anani pa dzanja lawo. Wotchi ndi mphete ngati zili zoyera gulani asiliva, ngati zili zachikasu agolide, ndi chitsulo cha lamba chomwe chigwirizane. Ine ndikanasankha asiliva osalemba zambiri chifukwa amalowa paliponse, kuofesi, kutchalitchi, ngakhale pamaliro osachititsa manyazi. Siliva weniweni amakhala ndi chidindo cha 925 kumbuyo, kutanthauza kuti magawo 92.5 pa 100 aliwonse ndi siliva, amada pakapita nthawi koma mukapukuta amawalanso. Agolide otchipa aja ndi utoto wongokutira, ndi thukuta la mu Okutobala sachedwa kusupuka ndipo ena amasiya zobiriwira pa nsalu yoyera.

Alipo ena a ulusi, timfundo tiwiri tozungulira tolumikizana, amati silk knots ndipo anatchuka kuchokera ku shopu ya malaya ya Charvet ku Paris kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Ndi otchipa, amabwera m'mitundu yambiri, mutha kuwonjezera mapeya awiri pamwamba pa mphatso yeniyeniyo. Koma aja okhala ndi chizindikiro cha Arsenal kapena Manchester United, olo bambowo azikonda timu mpaka kukana nsima ikaluza, asapite nawo ku intavyu.

Shati zimenezi zimangong'ambika popinda paja pomwe kwina konse zili bwinobwino. Ndikulakwitsa chani? — Wowerenga wa ku Mzuzu

Mukusita zili zopinda, ndikudziwa. Simbi ikamadutsa pa mzere womwewo sabata ndi sabata ulusi umapsa n'kuduka, makamaka simbi ya makala yomwe kutentha kwake simungakuchepetse. Chotsani makafulinki musanachape, tambasulani mkono wonse, litsiro la pa mzerepo mulipake sopo n'kulisiya kanthawi m'malo molikhula ndi bulashi, musite uli chotambasula mbali zonse ziwiri ndipo muzipinda ndi manja pokhapokha mukavala. Makafulinkiwo aziikidwa malo amodzi mukangovula, osati m'thumba la thalauza, ine ndili ndi atatu amasiye m'kabati omwe anzawo anapita ndi madzi ochapira.