Kwa achemwali amene akuopa gawo lolemba, Schreiben, pa mayeso a Chijeremani a B1

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mayeso anu a Chijeremani a Goethe-Zertifikat B1 atsala masabata 6, kuwerenga ndi kumvetsera zikuyendako, koma mukangogwira cholembera mutu umaima, ndiye mukufunsa ngati kuli bwino kuloweza makalata aja anthu akutumizirana pa WhatsApp. Mundipirire, ndiyankha motalikirapo, chifukwa gawo limeneli ndi lomwe linandigwetsa ulendo woyamba, ndipo chinandigwetsa ndi kuloweza komweko.

Musaloweze kalata yathunthu. Ine ndinalowa m'chipinda cha mayeso makalata ali tho m'mutu. Pa ntchito yachiwiri mwa zitatu za gawoli mutu umene unabwera sunali mwa imene ndinaloweza. Ndinakhala nthawi yaitali ndikusakasaka m'mutu kuti ndi kalata iti imene ndingaipotoze kuti ikwanire, ndipo pomaliza ndinakhuthula ndime yosalala bwino koma yokamba nkhani ina. Ntchito yachitatu ndinailemba mothamanga, nthawi itatha kale. Zotsatira zitatuluka, magawo ena atatu ndinakhoza, kulemba ndinalephera. Chinanditonthoza n'chakuti mayeso amenewa ali m'magawo anayi oima paokha, Lesen (kuwerenga), Hören (kumvetsera), Schreiben (kulemba) ndi Sprechen (kulankhula), ndiye ndinangobwereza limodzi lokhalo. Komabe ndalama zinapita, miyezi inapita, ndipo sindikufuna kuti inunso mudutse njira imeneyo.

Choyamba dziwani mmene amachongera, chifukwa mantha ambiri amatha pamenepa. Muli ndi mphindi 60 ndi ntchito zitatu. Malikisi onse ndi 100, ndipo kuti mukhoze pafunika 60. Ntchito yoyamba ili ndi malikisi 40, yachiwiri 40, yachitatu 20. Pepala lanu amachonga ndi anthu awiri, ndipo amayang'ana zinthu zinayi. Erfüllung ndiko kuti kodi mwayankha zimene mwafunsidwa, mu mtundu woyenera wa kalata ndi ulemu woyenera. Kohärenz ndiko kuti ziganizo zanu zikugwirana kapena zangounjikidwa. Wortschatz ndi mawu amene mwasankha, Strukturen ndiye galamala. Pa ntchito ziwiri zoyambazo chilichonse mwa zinayizi chili ndi malikisi 10. Mukuona? Galamala imene imatisowetsa tulo ija ndi gawo limodzi lokha mwa anayi. Koma mukaphonya mutu, kapena mukalemba mawu osafika theka la amene anafunsa, Erfüllung imakhala 0, ndipo ntchito yonseyo imawerengedwa 0, ngakhale Chijeremani chake chikhale chokoma bwanji. Kalata yoloweza imakuperekani pamenepa.

Ntchito yoyamba ndi imelo kwa mnzanu, mawu pafupifupi 80, ndipo amalangiza mphindi 20. Ndi kalata yamchezo ija tinkalemba m'kalasi la Chichewa, koma yokhala ndi mfundo zitatu zoti mukhudze zonse. Kawirikawiri imodzi imafuna kuti mufotokoze chinthu, ina kuti mupereke chifukwa, ina kuti mupereke ganizo la chochita. Tinene kuti mwasamukira m'nyumba ina ndipo mnzanu sanaione. Akuuzani kuti fotokozani mmene nyumbayo ilili, nenani chimene chakusangalatsani ndi chifukwa chake, kenako perekani ganizo lokumana. Mfundo iliyonse ipatseni ziganizo ziwiri kapena zitatu. Pa mfundo ya chifukwa payenera kuoneka mawu opereka chifukwa: Die Wohnung gefällt mir, weil sie ruhig ist. Pa ganizo lokumana musangoti tidzaonane tsiku lina. Tchulani tsiku, nthawi ndi malo: Hast du am Samstag Zeit? Wir könnten uns um 15 Uhr bei mir treffen. Ambiri amataya malikisi pa mfundo yomalizayi chifukwa amafikapo atatopa, n'kuikhudza ndi kachiganizo kamodzi.

Pali chizolowezi chathu chimene muyenera kuchigwira pamenepa. Ife kalata timaiyamba ndi moni wokwanira, kufunsa za moyo, za ana, za kumudzi, ndi kunena kuti kuno tili bwino. Ndi khalidwe labwino ndipo ine ndimalikonda, koma pa mawu 80 lingakudyereni theka la kalata musanafike pa nkhani. Chiganizo chimodzi chikwanira, wie geht es dir? kapena ich hoffe, es geht dir gut, basi, lowani pa mfundo yoyamba. Poyamba lembani Liebe ngati mnzanuyo ndi wamkazi, Lieber ngati ndi wamwamuna, kenako dzina ndi mpatuliro, ndipo mzere wotsatira muyambe ndi chilembo chaching'ono pokhapokha mawuwo akhale dzina. Potseka, Viele Grüße kapena Liebe Grüße ndi dzina lanu. Izi ndiye zoyenera kuloweza, pamodzi ndi timawu tolumikizira. Zapakati zonse zichokere pa funso limene lili patsogolo panu.

Nkhani ya du ndi Sie ife sitiyenera kuvutika nayo, chifukwa tinakula nayo. Ndi iwe ndi inu. Mwana wa kwathu amadziwa kuti mnzake wosewera naye ndi iwe, aphunzitsi ndi inu, ndipo sasakaniza. Chovuta chimabwera m'timawu totsatira. Munthu amayamba bwino ndi Sie, pakati n'kulemba dir kapena dein, ngati kuuza apongozi kuti khalani pansi ndikupatse madzi. Mukasankha Sie, mupite nayo mpaka kumapeto, Sie, Ihnen, Ihr, zonse ndi chilembo chachikulu. Ntchito yoyamba ndi ya du. Yachitatu ndi ya Sie.

Ntchito yachiwiri ndi imene ndikufuna muipatse nthawi yambiri pokonzekera. Amakupatsani mutu ndi maganizo a munthu wina amene walemba pa intaneti, mwina pa nkhani ya mafoni kusukulu, kugula zinthu pa intaneti, kukhala m'tauni kapena kumudzi, ndipo inu mulembe maganizo anu, mawu pafupifupi 80, mphindi 25. Si kalata, ndiye musaikepo Liebe kapena Sehr geehrte. Chimene chimaumitsa mutu apa nthawi zambiri si Chijeremani ayi, koma kusowa chonena. Ndiye yesani izi: tengani mutu, mudzifunse m'Chichewa momwe kuti kodi ine ndikuti chiyani pa nkhaniyi, ndipo chifukwa chiyani. Mukapeza mbali yanu, zifukwa ziwiri ndi chitsanzo chimodzi, mawu 80 akwana kale. Yambani ndi Meiner Meinung nach kapena Ich finde, dass, perekani chifukwa choyamba, onjezani chachiwiri ndi außerdem, kenako chitsanzo chochokera m'moyo wanu. Chitsanzo cha kwanu n'chololedwa ndipo chimapepuka kulemba chifukwa mukuchidziwa. Ngati nkhani ndi ya mafoni, lembani kuti in meinem Heimatland anthu ambiri amatumizirana ndalama pafoni. Mukafuna kuonetsa kuti mbali inayo mwaiona, einerseits ndi andererseits zilipo, koma musamalize osanena kuti inuyo mwaima pati. Palibe amene akuchonga ngati maganizo anu ndi olondola. Mukhoza kutsutsana ndi wolemba uja kotheratu.

Chenjezo limodzi pa kuganiza m'Chichewa kapena m'Chingerezi: ganizani mfundo, koma musamasulire ziganizo. Chiganizo chachitali chimene mwachipanga m'Chingerezi mukachikokera ku Chijeremani chimathyoka pakati. Dulani, mulembe ziwiri zazifupi zimene mukuzitha. Ndipo samalani ndi mawu onyenga. Ich will ndi ndikufuna, si nthawi yam'tsogolo. Bekommen ndi kulandira, si become ya Chingerezi.

Ntchito yachitatu ndi yaifupi, mawu pafupifupi 40, mphindi 15, kalata yantchito yopita kwa aphunzitsi, abwana kapena mwini nyumba. Kawirikawiri mumapepesa mwaulemu kuti simubwera, n'kupereka chifukwa. Sehr geehrte Frau kapena Sehr geehrter Herr ndi dzina limene akupatsani, kenako leider kann ich am Montag nicht kommen, weil ich arbeiten muss. Mukhoza kuwonjezera pempho, Könnten Sie mir bitte die Hausaufgaben schicken?, ndi kuthokoza, Vielen Dank für Ihr Verständnis, n'kutseka ndi Mit freundlichen Grüßen popanda mpatuliro. Malikisi 20 amenewa ndi apafupi kwambiri pa pepala lonse, ndipo zimandipweteka ndikamva kuti munthu sanawafikire chifukwa cha nthawi. Ulendo wachiwiri ine ndinayambira ntchito imeneyi. Palibe lamulo loti muyambire yoyamba, bola yankho lililonse mulilembe pamalo pake.

Tsopano galamala. M'masabata 6 simungakonze zonse, ndiye gwirani chimodzi chimene chimaonekera m'chiganizo chilichonse, malo a mneni. M'chiganizo wamba mneni amakhala pamalo achiwiri, zivute zitani. Mukayamba ndi nthawi, mwininkhani amabwera pambuyo pa mneni: Am Samstag habe ich Zeit. Kulemba Am Samstag ich habe Zeit ndiye kulakwitsa kumene ndimakuona kwambiri mwa anzathu. Pambuyo pa weil, dass, wenn ndi obwohl mneni amathawira kumapeto. Pambuyo pa deshalb ndi trotzdem amabwera nthawi yomweyo: Die Wohnung ist ruhig, deshalb gefällt sie mir. Pambuyo pa denn, aber ndi und dongosolo silisintha. Tengani chiganizo chimodzi, muchilembe ndi weil, ndi denn, ndi deshalb, tsiku lililonse mpaka dzanja lizolowere lokha. Timawu timeneti timakupezerani malikisi kawiri, pa Kohärenz ndi pa Strukturen. Onjezani nthawi yakale ya Perfekt, kudziwa aneni amene amayenda ndi sein. Ich bin umgezogen, ich bin gefahren, koma ich habe gekauft.

Der, die ndi das musazione ngati chilango. Ife sitiganiza ponena kuti munthu wabwino, chinthu chabwino, nyumba yabwino, chifukwa dzina lililonse tinaliphunzira limodzi ndi gulu lake. Chitani chimodzimodzi, musalembe Wohnung payekha m'kope mwanu, lembani die Wohnung. Ndipo dzina lililonse m'Chijeremani limayamba ndi chilembo chachikulu, ngakhale pakati pa chiganizo. Chinanso chimene aphunzitsi a ku Ulaya sangakuuzeni chifukwa sachidziwa: l ndi r. M'chilankhulo chathu zilembo ziwirizi sizisintha tanthauzo, ndiye dzanja limazisinthanitsa osazindikira. Ku Chijeremani Reise ndi ulendo, leise ndi mwakachetechete. Powerenganso ntchito yanu, muziyang'ane mwadala.

Pokonzekera, pitani pa webusaiti ya Goethe-Institut mukatenge Modellsatz ya B1, ndi yaulere. Muli mafunso a mtundu weniweni, ndondomeko yochongera ndi zitsanzo za mayankho. Mndandanda wa mawu a B1, Wortliste, uli komweko. Masabata awiri oyamba lembani ntchito imodzi patsiku osathamanga, dikishonale ili pambali. Kuyambira sabata lachitatu chotsani dikishonale ndi foni, popeza m'mayeso sizilowa, ikani wotchi patebulo. Masabata awiri omaliza lembani zitatu zonse pamodzi m'mphindi 60, kawiri kapena katatu pasabata. Lembani pamanja ndi bolopeni, pensulo saloleza. Muphunzirenso kuti mawu 80 m'malembedwe anu amatenga mizere ingati, kuti tsikulo musataye nthawi kuwerenga limodzilimodzi. Kupitirira pang'ono si mlandu, koma kulemba 150 ndi kudziwonjezera zolakwa ndi kudzibera nthawi. Nthawi yolemba kalata yonse papepala lapadera n'kukoperanso palibe, ndipo chimene chimachongedwa ndi chimene chili pa pepala la mayankho, Antwortbogen, chokha. Papepala lapaderalo ingolembani timawu tokumbutsa. Funsaninso kumene mukalembereko ngati mayeso anu ndi apapepala kapena apakompyuta, chifukwa kiyibodi ya Chijeremani y ndi z zinasinthana malo, ndipo ä, ö, ü ndi ß zili ndi mabatani awoawo. Si chinthu chokachionera koyamba tsiku la mayeso.

Chimene chinandisintha ine kwenikweni ndi kakope ka zolakwa. Chilichonse chimene ndalemba ndinkapereka kwa munthu wodziwa kuti andichongere, kenako cholakwa chilichonse ndinkachikopera m'kakopeko, kumanzere mmene ndinalembera, kumanja mmene ziyenera kukhalira. Patapita masabata awiri ndinaona kuti zolakwa zanga sizinali zambirimbiri monga ndinkaganizira, zinali zomwezomwezo zongobwerabwera, mneni pambuyo pa weil, kuiwala chilembo chachikulu, ndi Dativ, kusintha kwa der, die ndi das pambuyo pa mit. Ndinazilemba pakhoma pafupi ndi pogona. M'mayeso ndinasiya mphindi 5 zomaliza kuti ndisake zitatu zimenezi zokha. Kulemba popanda wokuchongerani n'kungokhwimitsa zolakwa, ndiye pezani munthu, kaya mphunzitsi, kaya mnzanu amene anakhoza kale. Kalata yochongedwayo muilembenso kachiwiri yoyera. Ambiri amadumpha zimenezi, koma ndi pamene dzanja limaphunzira.

Kwa ena m'gulu muno amene mukulemba telc Deutsch B1 osati Goethe, dongosolo lanu ndi lina: kalata imodzi, mphindi 30, mfundo zinayi zoti mukhudze. Za galamala ndi za kakope ka zolakwa ndanenazi zikukhudzani chimodzimodzi.

Achemwali, yambani lero ndi yaifupi ija. Aphunzitsi anu akuitanani kuti mukakambirane Lachinayi, koma tsikulo muli ndi nthawi yokaonana ndi dokotala. Alembereni mawu 40, mupepese, mupereke chifukwa, mupemphe tsiku lina. Mphindi 15, pamanja, popanda foni. Mukatha mujambule pepalalo muike pansi pano, ine ndikaweruka kuntchito madzulo ano ndichonga.