Pomwe 15 uja wakupunthwitsa pa funso la mwala

Mng'ono wanga wa ku Khombedza, ndaliona funso lako. Mwala waponyedwa mopingasa kuchokera pamwamba pa thanthwe la mamita 20, pa liwiro la mamita 15 pa sekondi, ndipo akufuna nthawi yomwe utenge kuti ufike pansi komanso mtunda womwe ukagwere. Iwe wapeza sekondi imodzi pomwe kumapeto kwa buku alemba masekondi awiri. Bukulo silinalakwe ayi. Nanenso ndinagwa pomwepa ndili Fomu 4, ndiye ndikudziwa chomwe wachita.

Watenga 15 n'kumuika pa u mu s = ut + ½gt², momwe s ndi mtunda wotsika, u ndi liwiro loyambira, t ndi nthawi, ndipo g ndi liwiro lomwe chinthu chakugwa chimaonjezera sekondi iliyonse (pano titenga 10). Ukatero umapeza 20 = 15t + 5t², ndipo t amatulukadi 1 bwinobwino, n'chifukwa chake sunakayike. Masamuwo ndi oona, koma ndi a mwala wina, woponyedwa cholunjika pansi ngati ukupha njoka m'dzenje. Wa m'funso lakowu wapita cham'mbali. Pomwe ukuchoka m'dzanja, liwiro lake lotsikira pansi ndi ziro. Ndiye 20 = 5t², t² = 4, t = 2.

Mphamvu yokoka ya dziko imakokera pansi basi, ilibe nazo ntchito kaya mwala ukulowera kunyanja kaya ku msewu wa M5. Ine ndimalemba mzere pakati pa pepala. Kumanzere ndimaika zotsika zokhazokha: u = 0, g = 10, kutalika 20. Kumanja zopita kutsogolo: liwiro 15, lomwe silisintha popeza palibe chikulikankha kapena kulibweza. Chomwe mbali ziwirizi zimabwerekana ndi nthawi yokha. Ukaipeza kumanzere, uwoloke nayo kumanja: 15 × 2, mwala wagwa pa mamita 30 kuchokera patsinde pa thanthwe.

Ngati mtima ukukanabe, usangondikhulupirira. Tenga ndalama zachitsulo ziwiri, uike imodzi m'mphepete penipeni mwa tebulo, inayo uikhwanyule ndi chala kuti iikhudze pang'ono potuluka. Imodzi ingogwera pompo, inayo iuluka mpaka pakhomo. Tseka maso umvere pa simenti: ngwee! kamodzi. Ana ambiri omwe ndawaonetsa amati ndachita matsenga, mpaka ayese okha katatu.

Wasayansi wa ku Italy Galileo ndi amene analongosola m'buku lake la 1638 kuti njira ya chinthu choponyedwa ndi parabola, mzere wokhota ngati uta, ndipo anafikapo pogawa kayendedwe kake pawiri monga tachitiramu. Za kulemera usadere nazo nkhawa, wona kuti m, yemwe amaimira kulemerako, mulibe m'fomula yathu. Mu 1971 David Scott wa Apollo 15 anagwetsa hamala ndi nthenga pa mwezi, komwe kulibe mpweya, ndipo zinafika pansi limodzi. Kuno kwathu nthenga imachedwa chifukwa cha mpweya, ndipo ukaponya mpira pa mchenga wa Senga Bay mwera ukuwomba, yankho la papepala silingafanane ndi zomwe uone. Mafunso a kusukulu amauchotsa dala mpweyawo.

Za g, mtengo wake ndi pafupifupi 9.8, koma werenga funso, kawirikawiri amakuuza kuti utenge 10. Akapanda kunena, lemba pamwamba womwe wasankha.

Msampha wina uli kutsogolo. Akakufunsa liwiro lomwe mwala wamenyera pansi, lotsika ndi 10 × 2 = 20, la kutsogolo likadali 15. Usaphatikize n'kulemba 35, chifukwa awiriwa apingasana. Apa m'pa lamulo la Pythagoras, lophatikizira mbali ziwiri zopingasana: 20² + 15² = 400 + 225 = 625, ndipo popeza 625 ndi 25 × 25, yankho ndi mamita 25 pa sekondi.

Yesa ili usanagone: thanthwe la mamita 45, liwiro la mamita 10 pa sekondi, mopingasa. Ujambule pepala lonse lomwe wasovera uike pano, osati yankho lokha, ndione ngati mzere uja waulemba.