Kodi ndikompaile kernel yatsopano kuti laputopu ichangamuke?

Funso: Akulu, ine ndimaphunzira za makompyuta kuno ku Chirunga, laputopu yanga ili ndi Linux koma ndikamakompaila mapulogalamu (kusandutsa code kukhala pulogalamu yoti kompyuta iyendetse) nyimbo zimangodukaduka. Mnzanga wa ku Matawale akuti ndikompaile kernel ina ndisinthe scheduler. Zoona zimenezi? Wophunzira, Zomba

Yankho: Achimwene musathamangire zimenezo. Kernel ndi mtima wa Linux womwe umalamulira zida za kompyuta, ndipo scheduler ndi gawo lake lomwe limagawira mapulogalamu nthawi ya purosesa, uyu pang'ono uyu pang'ono. Zina mwa zosintha zake zimakhazikika pokompaila pomwepo, monga CONFIG_HZ yomwe imanena kuti kernel izidzuka kangati pa sekondi, 100, 250, 300 kapena 1000. Imeneyo ili ngati njerwa yowotcha, kuti muisinthe mpaka mukompailenso kernel, pa laputopu yakale ndi maola angapo ndiye tangoganizani magetsi athime muli pakati.

Koma vuto lanulo silikufuna zonsezo, zambiri zimasinthika kompyuta ikuyenda. Yambani ndi kulemba nice -n 19 make (make ndi pulogalamu yoyendetsa ntchito yokompaila, nice imaiuza malo ake pa mzere wa purosesa), manambala a nice amayambira -20 kufika 19 ndipo 19 ndiye kuuza make kuti idikire anzake ayambe adya, nyimbo zizimveka bwinobwino. Zikakanika, kuyambira Linux 5.12 kuli PREEMPT_DYNAMIC, yomwe imakulolani kusankha popanda kukompaila mmene kernel imadukizira ntchito ina kuti ipatse mpata yofulumira, ngati kernel yanu ili nayo mungolemba preempt=full mu GRUB, pulogalamu yomwe imadzutsa Linux mukayatsa kompyuta, nkuyatsanso basi.

Chenjerani ndi malangizo akale a pa intaneti onena zosintha sched_latency_ns, nambala ina ya scheduler, ndi sysctl, chida chosinthira kernel ikuyenda, zimenezo zinasamukira ku /sys/kernel/debug/sched mu 5.13, kenako 6.6 inabweretsa scheduler yatsopano ya EEVDF m'malo mwa yakale ya CFS. Zomwe mwasintha mu /sys/kernel/debug/sched zimafufutika mukazimitsa kompyuta, choncho muzizilemba penapake.