Funsani za mpira: Roque Santa Cruz, mutu wake ndi bondo lake

FUNSO: Komwe timaonera mpira pa Chinkhoma mkangano sukutha. Anzanga akuti Roque Santa Cruz wa ku Paraguay adali sitiraika wa chaka chimodzi chokha, chija cha ku Blackburn ya ku England. Ine ndikukana. Tiweruzeni. (Wokonda mpira, Chinkhoma, Kasungu)

YANKHO: Achimwene, anzanuwo nkhani ayiyambira pakati. Santa Cruz adabadwa pa 16 Ogasiti 1981 ku Asunción, likulu la Paraguay, ndipo adakulira m'timu ya Olimpia. Bayern Munich idamugula mu 1999 ali ndi zaka 17. Kumeneko adakhalako zaka 8, natenga nawo ligi ya ku Germany kasanu ndi Champions League ya 2001. Chomwe anzanuwo angagwire nacho mawu n'chakuti muligi adamwetsa zigoli 31 zokha m'masewero 155. Koma muwafunse kuti ankalowa nthawi yanji. Patsogolo pake padali Giovane Élber, Claudio Pizarro, kenaka Roy Makaay, ndipo akati wapeza mpata, kuvulala kunkamubwezera pabenchi. Munthu wolowa mphindi 20 zomaliza sitimuyeza ndi mlingo wa woyamba masewero sabata ndi sabata.

Ku Blackburn mu 2007 adapeza zomwe ankazisowa. Kochi Mark Hughes ankamuyambitsa, David Bentley ankaponya mipira kuchokera kumanja, Morten Gamst Pedersen kumanzere, ndipo pambali pake padali Benni McCarthy wa ku South Africa. Adamwetsa zigoli 19 muligi, ndipo omuposa adali atatu okha: Cristiano Ronaldo, Fernando Torres ndi Emmanuel Adebayor.

Ku Manchester City ndiye kudavutadi. Adagulidwa mu 2009 ndi mapaundi oposa 17 miliyoni akuchira opaleshoni ya bondo, Carlos Tevez ndi Adebayor adafika nthawi yomweyo, ndipo pofika Disembala Hughes, yemwe tsopano adali kochi wa City ndipo ndi amene adamufuna, adali atachotsedwa ntchito. Muligi adamwetsako zitatu basi. Ife timaona kuti City idagula dzina la 2008 osayang'anitsitsa bondo la 2009.

Koma munthu wa chaka chimodzi sachita izi: mu 2013 chigoli chake cha mutu chidatulutsa Porto n'kufikitsa timu yake ya panthawiyo, Málaga ya ku Spain, mu kotafainolo ya Champions League. Atabwerera ku Olimpia mu 2016, adatenga nayo maligi anayi otsatizana mu 2018 ndi 2019 (kumeneko chaka chimodzi chimakhala ndi maligi awiri), ndipo adapitiriza kusewera atadutsa zaka 40. Timu ya dziko lake adayimwetsera zigoli 32 m'masewero 112. Mwapambana ndinu.

FUNSO: Kodi si Santa Cruz yemweyu adaphonya penate pamene Paraguay inkasewera ndi Spain pa World Cup ya 2010? (Wowerenga, Mkanda, Mchinji)

YANKHO: Ayi bambo, ameneyo adali Óscar Cardozo, sitiraika wamanzere wa Benfica. Iker Casillas adagwira penateyo ku Ellis Park ku Johannesburg, ndipo David Villa adamwetsa chigoli chomwe chidatulutsa Paraguay 1-0. Cardozo yemweyo ndi amene adamwetsa penate yomaliza yotulutsa Japan m'ndime yapitayo, koma zimenezo anthu sazikumbuka.

FUNSO: Ndimaphunzitsa timu ya anyamata. Ndili ndi wina wa zaka 17, wamtali kuposa onse m'dera lathu, koma chigoli cha mutu alibe ngakhale chimodzi. Ndimutani? (Kochi, Kapiri, Mchinji)

YANKHO: Akochi, kutalika sikumwetsa chigoli. Santa Cruz ndi wamtali mamita oposa 1.9, koma zigoli zake za mutu, monga chija adamwetsa South Africa pa World Cup ya 2002 m'masewero omwe adathera 2-2, zinkachokera pa kudziwa nthawi yonyamukira.

Anyamata aatali ambiri amalakwitsa pofika msanga. Amakaima pakamwa pa golo n'kumadikira, ndiye wotchinga kumbuyo amangomutsamira, ndipo munthu wodumpha ali chiimire sakwera patali. Muuzeni ayambire chakumbuyo kwa malo a penate, mamita 12 kapena 14 kuchokera pagolo, kuseri kwa womulondera kuti asamuone. Asanyamuke mpaka woponya mpira atadzutsa mutu n'kukokera mwendo kumbuyo. Apo athamange masitepe atatu kapena anayi, adumphe ndi mwendo umodzi, akumane ndi mpira cha pamzere wa kabokosi kakang'ono, mamita 5.5 kuchokera pagolo. Akalowa mkati kwambiri mpirawo ndi wa goloboyi.

Pomenya, mpira ugunde pachipumi, maso ali tong'o, pakamwa patatsekedwa kuti asadzilume lilime. Mphamvu imachokera m'chiuno ndi m'khosi. Aziugwetsera pansi, chakumapazi kwa goloboyi kapena mbali yomwe mpira wachokera, chifukwa goloboyi amakhala akusunthira mbali inayo. Mukaona mipira yake ikupita kumwamba kwa golo, dziwani kuti akuulowa pansi: wafika msanga, kapena akutseka maso.

Tsopano tikufunseni inu: ndani akumuponyera? M'matimu athu ambiri osewera kumbali amakonda kudyetsa njomba mpaka mpira kuwathawa, kapena amaponya mpira wolendewera ngati kaiti. Wolendewerayo amaupeza goloboyi. Wofunika ndi wothamanga, wokhotera kutali ndi goloboyi. Choncho musamuphunzitse yekha. Kawiri pasabata tengani mphindi 15, oponya awiri, goloboyi ndi iyeyo: mipira 5 kuchokera kumanja, 5 kumanzere popanda womulondera, kenaka ikani wotchinga mmodzi. Mipira 10 mpaka 15 ya mutu patsiku yakwana, ndipo musagwiritse ntchito mpira wonyowa kapena wopopa mopyola muyeso. Akamva chizungulire kapena mutu atagundana ndi mnzake, atuluke, asabwererenso m'bwalo tsiku limenelo. Ngati muli ndi ana osakwana zaka 12, a iwowa za mutu zisiyeni kaye.

FUNSO: Mwana wanga wa zaka 19 adapotokola bondo pa bonanza. Akuti adamva kuti "thwa", ndipo pofika madzulo lidali litatupa. Ena akuti tithowe ndi madzi otentha, ena akuti titeme mphini. Iye akufuna kusewera fainolo Loweruka. (Mayi, Santhe, Kasungu)

YANKHO: Mayi, Loweruka asasewere, ngakhale anzake abwere kudzamutenga pakhomo. Phokoso limenelo, ndi kutupa kwa maola ochepa, nthawi zambiri zimasonyeza kuti waduka mtsempha wa mkati mwa bondo, umene umagwira fupa la ntchafu ndi la msongolo kuti asaterereke. Madokotala amautcha ACL. Sitingatsimikize tili kuno, koma zizindikirozo si zocheza nazo.

Kuthowa ndi madzi otentha kapena kusisita m'masiku awiri oyamba kumawonjezera kutupa. Mphini sizifika pamene pali vuto, zimangotsegula khomo la matenda. Chitani izi: apumule, ikani ayisi wokulunga m'kansalu kwa mphindi 15 mpaka 20, maola awiri kapena atatu aliwonse (mafilizesi ouma bwino a pagolosale amagwira ntchito yomweyo), mangani bandeji mosathinitsa, ndipo akagona mwendo ukhale papilo. Zala zikachita dzanzi, masulani. Kenaka pitani naye kuchipatala cha boma. X-ray imaonetsa mafupa okha, ndiye akakuuzani kuti fupa silidathyoke musaganize kuti nkhani yatha. Pemphani kuti dokotala wa mafupa ayeze bondolo ndi manja, ndipo ngati akukayika akutumizeni kuchipatala chachikulu.

Msampha wake ndi uwu: pakatha masabata atatu kapena anayi kutupa kumaphwa, mnyamata amayenda bwinobwino n'kumati wachira. Akangotembenuka mwachangu m'bwalo, bondo limagwa, n'kung'amba kachichereche ka pakati pa mafupa. Pamenepo zimavuta kukonza. Ngakhale osewera a ku Ulaya, okhala ndi madokotala tsiku lililonse, amatha miyezi 6 mpaka 9 kapena kuposerapo akachitidwa opaleshoni yotereyi. Santa Cruz adavulala bondo kwambiri mu 2005, ndipo adakhala kunja miyezi yambiri asanakonzeke kukasewera World Cup ya 2006.

Kwa makochi a mabonanza: FIFA ili ndi ndondomeko yotenthetsa thupi yotchedwa 11+, ya mphindi 20, yoti izichitika kosachepera kawiri pasabata. Phata lake ndi kulimbitsa ntchafu ndi chiuno, kuima ndi mwendo umodzi, ndi kuphunzira kutera mawondo atapindika, osagwera mkati. Mabwalo athu a m'chilimwe ndi ouma gwa, ndipo mabutsi a mano aatali achitsulo amakola pansi thupi likutembenuka.

FUNSO: Kwabwera bambo wina akuti angatengere mwana wanga wa zaka 16 ku Ulaya, koma tilipire kaye ya pasipoti, viza ndi ndege. Akuti osewera ngati Santa Cruz adapitanso ali ana. Ndigulitse fodya ndimupatse? (Bambo, Kamwendo, Mchinji)

YANKHO: Musamupatse, bambo. Santa Cruz adapita mu 1999, ndipo kuyambira 2001 malamulo a FIFA amaletsa kusamutsira wosewera wosakwana zaka 18 kudziko lina, kupatula pa zifukwa zochepa, monga makolo akasamuka pa nkhani yosakhudza mpira. Komanso iye sadangotengedwa m'mudzi: adali atasewera kale timu yaikulu ya Olimpia, ndipo ndalama idachoka ku Bayern kupita ku Olimpia, osati m'thumba la makolo.

Mufunseni bamboyo laisensi yake ya FIFA ndi kalata ya timu yomwe ikufuna mwanayo, kenaka mukafunse ku FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, kapena kukomiti ya mpira ya paboma ngati akumudziwa. Pasipoti ya mwana isachoke m'manja mwanu. Pakadali pano mwanayo alembetsedwe m'timu yomwe ikusewera ligi yovomerezeka ya m'chigawo chapakati, chifukwa kaundula ameneyo ndiye amasonyeza kumene waphunzirira mpira. Akadzagulitsidwa kunja, 5 peresenti ya mtengo wake imagawidwa kwa matimu omwe adamulera kuyambira ali ndi zaka 12 mpaka 23.