Ku Japan ukalakwa sakudzudzula, amangomata kapepala

Mwezi wanga woyamba kuno ndinkadziona ngati ndafikira kumwamba. Palibe anandikalipira, palibe anandiyang'ana ndi diso loipa, aliyense ongowerama n'kumwetulira. Ndiye m'mawa wina ndikuthamangira sitima, ndinapeza jumbo yanga ya zinyalala ili yokhayokha pamalo otayira, za anzanga zonse zitatengedwa. Anali ataimata kapepala kolembedwa zilembo zomwe sindinkatha kuwerenga. Ndinaisiya pompo poganiza kuti aiwala. Inakhala masiku atatu, ndipo anthu onse a pamdadada wathu ankadziwa mwini wake, chifukwa mkati munkaoneka envulopu ya dzina langa. Palibe ngakhale mmodzi ananena kanthu.

Abale anga amene mwangofika kumene, kaya mwabwera pa maphunziro a JICA (bungwe la boma la Japan lothandiza mayiko ena), a MEXT (unduna wa zamaphunziro wa kuno) kapena ntchito, gwirani mfundo iyi kaye: kuno kukhala chete kwa anthu sikutanthauza kuti zili bwino. Kwathu ukalakwa, mayi woyandikana nawe amakuitanira pambali n'kukuuza. Kuno amadandaula kwa woyang'anira nyumba, iwe n'kudzangoona chikalata chamatidwa pakhomo lolowera, cholembera "anthu onse okhala muno", chonsecho akunena iwe.

Za zinyalalazi ndikhalitsepo, chifukwa ndi pomwe ambiri timagwera. Tauni iliyonse ili ndi malamulo akeake, ndipo mukasamuka mumayambiranso kuphunzira. Zotheka kuwotcha zili ndi masiku ake, zosapsa tsiku lake, zitini ndi mabotolo agalasi tsiku lake. Botolo la pulasitiki mumalitsuka, n'kuchotsa chivindikiro ndi chipepala chake. Matauni ambiri amafuna jumbo zawozawo zogula m'sitolo, ina iliyonse saitenga. Mumatulutsa m'mawa wa tsiku lomwelo, kawirikawiri isanakwane 8 koloko, osati usiku, n'kufunditsa ukonde. Ukondewo ndi wa akhwangwala. Akhwangwala akuno ndi ngati nkhuku zonenepa, ndipo jumbo amaing'amba mwaluso mpaka msewu wonse mbwee makoko a mazira. Chinthu chachikulu ngati matiresi kapena tebulo simungachiponye chabe: mumaimbira a khonsolo, n'kugula sitika yomata pa katunduyo ku konbini, timasitolo tija totsegula usana ndi usiku ngati 7-Eleven, Lawson ndi FamilyMart. Pamene mukukalembetsa malo okhala ku khonsolo, zomwe ziyenera kuchitika pasanathe masiku 14 mutalowa m'nyumba, pemphani kalendala ya zinyalala. Muimate pafiriji.

Mudzadabwanso kuti dziko laukhondo chonchi mumsewu mulibe mabini. Ambiri anachotsedwa pambuyo pa chiwembu cha mpweya wa poizoni m'sitima zapansi pa nthaka ku Tokyo mu 1995, ndipo anthu anazolowera kunyamula zinyalala zawo mpaka kunyumba. Ine m'chikwama mwanga simusowa kajumbo.

Chachiwiri chomwe chinandipezetsa kalata ndi foni. Japan ili patsogolo ndi maola 7 poyerekeza ndi kwathu. Amayi akamaliza kudya nsima 7 koloko madzulo n'kuti ayambe kuimba, kuno ndi 2 koloko usiku. Ndipo mukudziwa momwe timayankhulira pafoni ife, moni yekha mphindi zisanu, kufunsa za mbuzi ndi za maliro a kutsidya, kuseka mpaka kugwira m'mimba. Makoma a nyumba zotsika mtengo kuno ndi opyapyala moti woyandikana naye akayetsemula umamva. Gwirizanani ndi akumudzi kuti muziyankhulana kukamacha kwawoko, kuno kuli masana. M'sitima musayankhe foni ngakhale aimbe ndani. Lembani uthenga.

Mawu awo nawo ngofunika khutu lakuthwa. Munthu akakoka mpweya m'mano n'kunena kuti "chotto...", osamaliza, wakana. Musakakamire. "Daijoubu desu" imatha kutanthauza kuti zili bwino, imathanso kutanthauza kuti ayi zikomo, zimatengera nkhope ndi dzanja. Ogulitsa m'sitolo akakuwa kuti "irasshaimase" simuyenera kuyankha. Ine sabata yonse ndinkayankha ndi kuwerama, mpaka mtsikana wina wogulitsa anachita manyazi m'malo mwanga. Mawu amene adzakuthandizeni paliponse ndi "sumimasen": ndi pepani, ndi zikomo podutsa, ndi poitanira woperekera zakudya.

Zina n'zachidule. Chiphaso chanu chokhalira kuno, zairyu kadi, chizikhala m'thumba nthawi zonse, ndi lamulo. Njinga iyenera kulembetsedwa m'dzina lanu, choncho mnzanu akamabwerera kwawo n'kukusiyirani yake, musinthe umwini, chifukwa apolisi amaimitsa n'kufufuza nambala. Kulesitilanti musasiye chenji ngati chothokozera, adzakuthamangirani nacho mpaka panja. Ndalama muziika m'kambale ka pakauntala. Chitseko cha takisi amatsegula ndi dalaivala ali pampando wake, musachigwire. Pa masitepe oyenda okha, ku Tokyo amaima kumanzere, ku Osaka kumanja. Magalimoto amayenda kumanzere ngati kwathu, apa pokha tinapuma. Magetsi ndi a 100 voti ndipo mapulagi ndi a mano awiri afulati, choncho ayironi yanu yochokera ku Limbe ingokhala chokongoletsa.

Nsapato aliyense anamva kuti amavula pakhomo. Chomwe sakuuzani n'chakuti kuchimbudzi kuli masilipasi akeake, ndipo kutuluka nawo n'kukakhala pabalaza ndi chinthu chomwe mlendo aliyense amachita kamodzi, n'kumachikumbukira mpaka kukalamba. Masokosi obooka tayani, chifukwa mudzavula nsapato pamalo omwe simunayembekezere, ngakhale kuchipatala kwina. Chimbudzicho chili ndi mabatani ngati wailesi. Lina limathira madzi ofunda, lina limaimba kaphokoso ka madzi kobisa zomwe zikuchitika. Potsitsa madzi fufuzani chilembo ichi 大, chooneka ngati munthu wotambasula manja ndi miyendo. M'zimbudzi za m'masiteshoni muli batani lina, nthawi zambiri lofiira, loitanira thandizo. Ine ndinalidina. Mlonda anabwera akuthamanga, kugogoda, ine ndili mkati kusowa chonena kupatula "sumimasen" kasanu.

Pa nyumba konzekani mtima. Kupatula lendi ndi dipoziti, eni nyumba ambiri amafuna reikin, ndalama yowathokoza kuti akulolani kukhala m'nyumba mwawo, nthawi zambiri yofanana ndi lendi ya mwezi umodzi, ndipo sibwerera. Ine mpaka lero sindinaimvetse, munthu kuthokozedwa chifukwa cholandira lendi. Nyumba zambiri mumazipeza mbee, nthawi zina ngakhale nyali ya kudenga mulibe. Safunsa anadya phula: musanasaine funsani zonse zomwe mulipire tsiku loyamba. Pamafomu mudzaona chaka chikulembedwa mwachilendo, chifukwa amawerenganso zaka potengera ulamuliro wa mfumu yawo. Nyengo ya Reiwa inayamba mu 2019, choncho 2024 ndi Reiwa 6.

Foni ikadzalira mwadzidzidzi ndi kulira koopsa komwe simunaikemo, ndi chenjezo la chivomezi, ndipo mwina muli ndi masekondi ochepa. Lowani pansi pa tebulo, musathamangire panja. Koma kanyimbo komveka pa zokuzira mawu za m'dera madzulo aliwonse si ngozi, akuyesa makina n'kukumbutsa ana kuti abwerere kunyumba. Apolisi ndi 110, ambulansi ndi ozimitsa moto 119.

Nanga nsima? M'masitolo wamba ufa wathu mulibe, ndipo kapaketi koyera kolembedwa kuti n'kochokera ku chimanga musakhulupirire, ndi sitachi, mudzaphika guluu. Fufuzani masitolo a anthu a ku Brazil, omwe ndi ambiri m'matauni ngati Hamamatsu ndi Oizumi, ndipo ena amatumiza katundu mukaitanitsa pa intaneti. Funsani fubá, ufa wawo wa chimanga. Nthawi zambiri ndi wachikasu, koma amagwira bwinobwino, ndipo ndi nsomba ya saba yowotcha ndi masamba a komatsuna othira tomato, Lamulungu limadutsa bwino. Mthiko wokha bwerani nawo kuchokera kumudzi.