Kompyuta zikamaphonya nthawi: batire, chigawo cha nthawi, kenako NTP

Achemwali, mwafunsa za makompyuta khumi ndi awiri a m'kalasi yanu ku Chinamwali, kuti magetsi akathima n'kuyakanso ena amadzuka ali m'chaka cha 2009, ena amaphonya ndi maola awiri ndendende, ndipo Chrome imakana kutsegula masamba ponena kuti wotchi yatsalira. Mukufunanso kudziwa mmene mungawalumikizire ku maseva a nthawi a pa intaneti, otchedwa a NTP. Maseva amenewo alipodi, koma mavuto a wotchi ya kompyuta alipo atatu osiyana, ndipo seva ya nthawi imathana ndi limodzi lokha. Musanasinthe kalikonse, yendani pa kompyuta iliyonse foni ili m'manja, mulembe papepala kuti iliyonse yaphonya ndi nthawi yochuluka bwanji. Kukula kwa kuphonyako ndi kumene kukuuzeni pamene pagona vuto.

Tiyambe ndi zobwerera m'mbuyo zaka zambirizo. Apa intaneti ilibe mlandu. Pa motherboard, bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta, pali kawotchi kamene kamayendabe kompyuta ikazimitsidwa, ndipo kamadalira kabatire kozungulira, kophwatalala, kolembedwa CR2032, ka mavoti atatu. Malingana ngati kompyuta ili yolumikizidwa ku soketi ya magetsi, kawotchiko kamadya magetsi a pakhoma ndipo kabatire kamapuma. Magetsi akathima, kabatire ndiye kamanyamula katundu yense. Ngati kanatha mphamvu, wotchi imaiwala zonse n'kubwerera pa tsiku limene linaikidwa mu BIOS, pulogalamu ya pa motherboard imene imayamba Windows isanatseguke. N'chifukwa chake vutoli mumaliona pokhapokha magetsi akathima, kapena Lolemba m'mawa pambuyo pozimitsa soketi kumapeto kwa sabata. Makompyuta ambiri a m'masukulu mwathu ndi akaunjika, amafika kabatire kali kotopa kale.

Zulani chingwe cha magetsi, tsegulani bokosi, gwirani chitsulo cha bokosilo kaye musanakhudze zam'kati, kenako kankhirani pambali kachitsulo kogwira batire ndipo katumphuka kokha. Ngati muli ndi multimeter yezani: katsopano kamaonetsa mopitirira pang'ono mavoti atatu, ndipo kakatsika kufika cha m'ma 2.7 musakakhulupirirenso. Poika katsopano, mbali yolembedwa + iyang'ane kumwamba. Onetsetsani nambala pogula, chifukwa CR2025 ndi CR2016 n'zofanana m'lifupi koma n'zopyapyala, sizigwira bwino m'malo mwake ndipo sizichedwa kutha. Pa laputopu zambiri kabatireka kamakhala kokutidwa ndi pulasitiki, kali ndi timawaya tiwiri ndi kapulagi. Kameneko gulani kathunthu, musayesere kuwotcherera waya pa batire. Ine ndingasinthe onse khumi ndi awiri tsiku limodzi, popeza anabwera pamodzi ndipo otsalawo ali m'njira yomweyo.

Chenjezo limodzi pamenepa, chifukwa anthu ambiri amagwa nalo. Mukachotsa batire, BIOS imabwezera zonse pa chiyambi, osati nthawi yokha. Musanachotse, lowani mu BIOS podina batani kompyuta ikungoyaka, pa Dell ndi F2, pa HP ndi F10, pa ena ndi Del, mujambule ndi foni tsamba la SATA, lonena mmene hard disk imalumikizidwira, ndi la boot, lonena mmene kompyuta imayakira. Ngati Windows inaikidwa SATA ili pa AHCI ndiyeno yabwerera pa IDE kapena RAID, kompyuta idzakuonetsani sikirini ya buluu poyaka, inu n'kumaganiza kuti mwaononga hard disk pamene n'kungobwezera chimene chinalipo. Mukamaliza, ikani tsiku ndi nthawi pamanja mu BIOS momwemo.

Zophonya ndi maola awiri ndendende, mphindi zili zolondola, ndi nkhani ya chigawo cha nthawi. Seva ya NTP situmiza nthawi ya ku Zomba, imatumiza nthawi ya dziko lonse yotchedwa UTC, ndipo kompyuta yanu ndi imene imawonjezerapo maola awiri a kwathu kuno. Choncho mukhoza kulumikiza seva yabwino kwambiri padziko, koma ngati chigawo chili cholakwika wotchi idzalakwitsabe tsiku ndi tsiku. Pa Windows sankhani chimene chalembedwa Harare, Pretoria, cha UTC+02:00. Musatenge Cairo, Athens kapena Helsinki ngakhale nazonso zalembedwa +02:00, chifukwa maiko amenewo amasuntha wotchi ndi ola limodzi miyezi ina, pamene Malawi sasuntha. Pa Linux lembani sudo timedatectl set-timezone Africa/Blantyre. Chimene anthu amachita molakwika n'kusiya chigawo cha ku America kapena cha London chimene chinabwera ndi makina, n'kungokonza manambala a wotchi pamanja. Pamaso zimaoneka zolongosoka, koma m'kati UTC yakhala yabodza, ndipo seva ikangoyankha imabwezera wotchi pamene inu simukufuna.

Ngati chigawo chili cholondola koma maola awiriwo akubwererabe, funsani ngati makinawo ali ndi Windows ndi Ubuntu, mtundu wa Linux, pamodzi. Windows imasunga nthawi ya kwathu mu kawotchi ka pa motherboard, Linux imasungamo UTC, ndiye aliyense akayaka amakonza zimene mnzake anasiya. Njira yachidule ndi kulowa mu Linux n'kulemba sudo timedatectl set-local-rtc 1. Idzakuchenjezani za maiko osuntha wotchi, koma kwa ife zimenezo sizitikhudza.

Tsopano vuto lachitatu, limene ndi la NTP lenileni: wotchi yotsetsereka pang'onopang'ono, lero masekondi, mwezi wamawa mphindi. Kawotchi ka m'kompyuta kamawerenga kunjenjemera kwa kamwala ka quartz, kamene kamayenera kugunda ka 32,768 pa sekondi, koma kutentha ndi kukalamba zimakasokoneza. Kuphonya sekondi imodzi kapena awiri patsiku si zachilendo, ndipo pakutha pa temu imeneyo ndi mphindi zingapo. NTP, imene anaiyambitsa David Mills cha m'ma 1985, ndi njira yofunsira nthawi kwa makina ena. Pamwamba penipeni pali mawotchi a atomu ndi GPS, amenewo ndi stratum 0. Seva yolumikizidwa mwachindunji kwa iwo ndi stratum 1. Yotenga kwa imeneyo ndi stratum 2, kumatsika choncho, monga madzi a ku Mulunguzi amene amadutsa m'thanki ndi m'mapaipi asanafike pa mpopi wanu. Kalasi ya makompyuta sifunika stratum 1 ayi, ya 2 kapena 3 ndi yokwanira kwambiri.

Kompyuta imatumiza funso n'kulemba nthawi imene latuluka, seva imalemba nthawi imene lafika ndi imene yayankha, kompyuta n'kulembanso nthawi imene yankho lafika. Ndi manambala anayiwo imawerengera kutalika kwa ulendo wonse, n'kutenga theka ngati ulendo wobwerera. Pa intaneti ya m'mafoni kupita ndi kubwera sikufanana nthawi zonse, ndiye pamatsala kuphonya kwa timagawo ting'onoting'ono ta sekondi, kumene pa ntchito yanu simungakuone. Za bandulo musadere nkhawa: uthenga wa NTP ndi mabaiti 48 okha, kuchepa kwake kuposa chithunzi chilichonse cha pa WhatsApp kutalitali.

Pa Windows, tsegulani Command Prompt ngati Administrator, muyambe ndi kufunsa mmene zinthu zilili: w32tm /query /status. Yang'anani mzere wa Source. Ukanena Local CMOS Clock kapena Free-running System Clock, ndiye kuti makinawo sakutenga nthawi kwa wina aliyense. Likabwera yankho lakuti service sinayambe, la nambala 0x80070426, lembani net start w32time. Kenako ikani maseva, zonse mu mzere umodzi:

w32tm /config /manualpeerlist:"0.africa.pool.ntp.org,0x8 1.africa.pool.ntp.org,0x8 time.cloudflare.com,0x8" /syncfromflags:manual /update

Mukatero lembani w32tm /resync, mudikire pang'ono, mufunsenso status. Maina a maseva alekanitseni ndi mpata, osati chizindikiro cha koma (,). Komayo ndi ya 0x8 yokha. Ndaika atatu dala, kuti ina ikapanda kuyankha ntchito isaime. Ya Google, time.google.com, ndi yabwino, koma muigwiritse ntchito payokha, osaisakaniza ndi za pool, chifukwa sekondi yowonjezera ikamaikidwa pa UTC, Google imaimwaza pang'onopang'ono m'maola 24 pamene ena amaiika kamodzi, ndipo tsiku limenelo maseva anu angatsutsane.

Pali zinthu ziwiri zimene zimalepheretsa resync kawirikawiri. Choyamba, Windows imene siili pa domain, kutanthauza netiweki yolamulidwa ndi seva ya Windows, imakana kukonza yokha wotchi yophonya kupitirira maola 15. Ndi chitetezo chabwino, koma tanthauzo lake n'lakuti kompyuta yodzuka mu 2009 sidzakonzedwa ndi seva ngakhale mudikire tsiku lonse. Muyenera kuiyandikitsa pamanja kaye, ndipo ichi n'chifukwa china chimene batire iyenera kukhala yoyamba. Chachiwiri ndi khomo lotsekeka. NTP imayenda pa UDP port 123, osati pamene masamba amadutsa, choncho Facebook ikhoza kumatseguka bwinobwino pamene nthawi sikudutsa. Yesani ndi w32tm /stripchart /computer:time.cloudflare.com /samples:5 /dataonly. Mukaona manambala okhala ndi + kapena - ndiye kuti njira ndi yotseguka, ndipo manambalawo ndi masekondi amene mwaphonya. Mukaona error mizere yonse isanu, lumikizani kompyutayo ku hotspot ya foni muyesenso. Ikayankha pa hotspot, vuto lili mu rauta kapena firewall yanu, kapenanso antivirus imene ili ndi firewall yakeyake.

Palinso khalidwe lina la Windows losowetsa mtendere: pa makina a workgroup, amene sali pa domain, service ya nthawi imatha kuima yokha ngakhale mwaiika pa Automatic. Mzere uwu umaiuza kuti izidzuka network ikangopezeka: sc triggerinfo w32time start/networkon stop/networkoff. Ndipo ngati ena akadali pa Windows 7, dziwani kuti imeneyo imafunsa nthawi kamodzi kokha pa masiku asanu ndi awiri. Tsikulo likapezeka bandulo yatha, ndiye kuti wotchi ikhala yosakonzedwa kwa nthawi yaitali.

Kwa kalasi ngati yanu, imene intaneti imabwera n'kupita, njira imene ndingakulimbikitseni ndi kukhala ndi mwini nthawi mmodzi m'chipindamo. Sankhani kompyuta imodzi ya batire yatsopano, makamaka imene ili pa UPS, batire yosunga kompyuta ili yoyaka magetsi akathima, muipatse IP yosasintha, tinene 192.168.1.10, muikemo Linux ndi chrony, pulogalamu ya NTP. Mu fayilo yake ya chrony.conf mukhale mizere iyi: pool africa.pool.ntp.org iburst, kenako makestep 1.0 3, allow 192.168.1.0/24, ndi local stratum 10. Wa makestep umalola kudumpha kamodzin'kamodzi poyaka ngati kuphonya kwapitirira sekondi imodzi, wa allow umatsegulira anzake a m'kalasi, ndipo wa local umaiuza kuti izipitiriza kugawa nthawi ngakhale intaneti yapita. Tsegulani UDP 123 pa firewall yake, onani ndi chronyc sources kuti pali seva imene ili ndi kanyenyezi kumanzere, ndiyeno pa makina ena onse ikani 192.168.1.10,0x8 mu manualpeerlist muja. Zikatero, ngakhale sabata itha popanda bandulo, onse amaphonyera limodzi, ndipo mafayilo ndi mayeso a ophunzira amakhala ndi nthawi yogwirizana. Ena amagwiritsa ntchito kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi kapena rauta ya MikroTik pa ntchito imeneyi. Zimatheka, koma Pi 4 ndi zam'mbuyo mwake zilibe wotchi ya batire, ndipo marauta ambiri ang'onoang'ono alibenso. Magetsi akathima amadzuka osadziwa tsiku. Pa Pi onjezerani kamodulo ka wotchi ya batire ka DS3231.

Ngati makina anu ali pa domain ya Windows Server, zonse za manualpeerlist zichitike pa seva yokha, imene ili ndi udindo wa PDC, ndiye kuti mwini nthawi wa domain yonse. Enawo muwasiye pa w32tm /config /syncfromflags:domhier /update. Kerberos, njira imene domain imatsimikizira olowa, imalola kusiyana kwa mphindi zisanu zokha pakati pa kompyuta ndi seva, kupitirira apo mavuto olowera ndi pasiwedi amayamba ngakhale yalembedwa bwino.

Za Chrome, uthenga wa NET::ERR_CERT_DATE_INVALID umabwera chifukwa satifiketi ya tsamba ili ndi tsiku loyambira ndi lothera, ndipo kwa kompyuta imene ikuganiza kuti tili mu 2009 satifiketiyo sinayambe kugwira ntchito. Musawaphunzitse ana kudina zopitirira chenjezo limeneli, chifukwa tsiku lina lidzakhala chenjezo lenileni. Wotchi ikakonzeka tsekani Chrome yonse muitsegulenso. Likatsalabe pa tsamba limodzi lokha pamene ena akutseguka, ndiye kuti satifiketi ya eni tsambalo ndi imene yatha.